Mayina a Chigeliki a mapiri, zigwa ndi midzi: mafunso ndi mayankho

Ukayala patebulo mapu a kumpoto kwa Scotland, choyamba kuona n'chakuti dzikolo lilibe anthu. Pali kamsewu kamodzi kopyapyala, tinyumba apo ndi apo, kwinako mapiri okhaokha. Koma ukaweramira pafupi, pepala lonse ladzaza thothotho ndi mayina. Kakhwawa kalikonse kali ndi dzina, chitunda chilichonse chili ndi lake, ngakhale thanthwe limene munthu angalizungulire m'mphindi ziwiri. Chimene chakhala chikundigwira mtima ndi ichi: anatcha mayina onsewa ndani, poti eni ake sakuoneka?

Kodi Chigeliki n'chinenero chanji?

Ndi zinenero zitatu za mimba imodzi. Cha ku Ireland eni ake amachitcha Gaeilge, cha ku Scotland amati Gàidhlig, ndipo chachitatu ndi cha pachilumba cha Man. Zonse zinaphuka ku chinenero chakale cha ku Ireland. Ufumu wa Dál Riata unkagwira mbali zonse ziwiri za nyanja, kumpoto kwa Ireland ndi kumadzulo kwa Scotland, ndipo mu 563 mmonke wa ku Ireland dzina lake Columba anaoloka n'kukakhazikitsa nyumba ya amonke pachilumba cha Iona. Pofika cha m'ma 1100, Chigeliki chinkamveka pafupifupi m'Scotland monse. Kenako chinayamba kubwerera m'mbuyo, kuthawira kumapiri ndi kuzilumba. Pa kalembera wa 2011 anapeza kuti olankhula chinenerochi ku Scotland ndi pafupifupi 57,000 okha, m'dziko la anthu opitirira 5 miliyoni. N'chifukwa chake ku Fife kapena ku Galloway mumapeza midzi ya mayina a Chigeliki pamene chinenerocho chinasiya kumveka kumeneko zaka mazana apitawo.

Dzina la malo limamangidwa bwanji m'Chigeliki?

Apa wolankhula Chichewa savutika ngati mmene amavutikira Mngerezi. Chinthucho chimayamba, chochifotokoza chimatsatira, monga momwe ife timanenera kuti phiri lalikulu. Beinn ndi phiri, mòr ndi kukula, ndiye Beinn Mhòr ndi phiri lalikulu basi. Pamapu a Chingerezi analemba kuti Ben More. Drumnadrochit, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Loch Ness, ndi Druim na Drochaid, mtunda wa pamlatho. Tobermory ndi Tobar Mhoire, chitsime cha Mariya.

Mwina mwaona h uja amene walowa mu mhòr. Chichewa chimasintha mutu wa mawu kuti agwirizane ndi anzake: phiri lalikulu, mudzi waukulu. Chigeliki nacho chimasintha mutu wa mawu, koma pofewetsa lemba loyamba. Beinn ali m'gulu la mawu achikazi, ndiye m wa mòr amafewa n'kumveka ngati v. Càrn, mulu wa miyala, ali m'gulu lachimuna, choncho Càrn Mòr amangokhala momwemo. Wongodziwa kuti mh ndi bh kawirikawiri amamveka ngati v, theka la mantha ake pa mayinawa latha.

Ndi mawu ati amene ndingakumane nawo kawirikawiri?

Baile ndiye mfumu yawo. Amatanthauza famu kapena mudzi, ndipo ku Scotland amaoneka ngati Bal kapena Balla, ku Ireland ngati Bally, kumene mayina oyamba motero alipo zikwi zingapo. Ballachulish ndi Baile a' Chaolais, mudzi wa pamene nyanja yapanikizika. Achadh ndi munda, ndipo pamapu amasanduka Ach kapena Auch: Achnasheen ndi munda wa mkuntho. Inbhir ndi mathiriro a mtsinje, ndiye Inverness ndi pamene mtsinje wa Ness umathira m'nyanja. Ceann ndi mutu, ndipo amalembedwa Kin kapena Ken: Kintyre ndi mutu wa dziko, Kinlochleven ndi kumutu kwa nyanja ya Leven. Dùn ndi linga. Gleann ndi chigwa chopanikizika pakati pa mapiri, pamene srath ndi chigwa chotakasuka cha mtsinje, chokhala ndi dambo lolimika. Kusiyana kumeneku si kwamasewera kwa mlimi: mu srath mumakolola, mu gleann mumadyetsa ziweto.

Ku Ireland onjezani doire, nkhalango ya mitengo ya oki, amene anabala Derry, ndi cluain, dambo la msipu: Clonmel ndi Cluain Meala, dambo la uchi. Glendalough ndi Gleann Dá Loch, chigwa cha nyanja ziwiri, ndipo nyanja ziwirizo zilipo mpaka lero.

N'chifukwa chiyani mawu a phiri ali ambirimbiri?

Chifukwa kwa munthu wolondola ng'ombe yosochera mu nkhungu, kungoti phiri sikuthandiza kanthu. Afunika kudziwa kuti ndi phiri la mtundu wanji. Sgùrr ndi losongoka, la miyala yakuthwa. Meall ndi lobulungira ngati chotupa. Stob ndi nsonga yoima ngati chikhomo. Cnoc ndi chitunda, tom ndi kachitunda kakang'ono ngati chulu. Coire, amene tanthauzo lake loyamba ndi mphika waukulu, ndi dzenje lalikulu lobulungira m'nthiti mwa phiri, momwe nyama zimabisala mphepo. Bealach ndi mpata wodutsira. Wodziwa mawuwa amaliona phiri asanafikeko.

Ambiri mwa mawuwa ndi ziwalo za thupi. Druim ndi msana, sròn ndi mphuno, gualann ndi phewa, aodann ndi nkhope, beul ndi pakamwa. Ndipo phiri lotchuka loima pakhomo la chigwa cha Etive amalitcha Buachaille Èite Mòr, mbusa wamkulu wa Etive. Dzina limenelo ndimalikonda kwambiri, chifukwa silikanachokera kwa wina aliyense koma kwa anthu oweta ng'ombe.

Mitundu nayo ili ndi nkhani yake. Kufiira kuli kuwiri: dearg ndi kufiira kwa magazi, ruadh ndi kufiirira kwa dzimbiri kapena kwa ubweya wa nkhandwe. Gorm amanena za mtambo komanso za udzu wauwisi, monga kubiriwira kwathu kumagwira zonse ziwiri. Mapiri amene masiku ano onse amawatcha Cairngorms, eni ake ankawatcha Am Monadh Ruadh, mapiri ofiirira, chifukwa cha mwala wake, powasiyanitsa ndi Am Monadh Liath, mapiri otuwa a tsidya lina la mtsinje wa Spey. An Càrn Gorm linali dzina la phiri limodzi lokha. Alendo anatenga dzina la limodzilo n'kuveka onse, ndipo mapiri ofiirira anasanduka obiriwira papepala.

Ndiye anatcha mayinawa ndani, poti kulibe anthu?

Anthu analiko, ndipo umboni waukulu ndi mawu akuti àirigh. Mawu amenewa ali mbwee pamapu, kutali ndi msewu, pamwamba pa zigwa pomwe lero pamangodutsa agwape. Àirigh anali msasa wa kubusa wa nyengo yotentha. Mbewu zikamera kumudzi, ng'ombe zinkayenera kuchoka kuti zisadye mmera. Ndiye cha m'Meyi kapena Juni mudzi unkanyamuka. Amuna ankatsogola kukakonza timisasa ta miyala ndi zibuma za udzu, n'kubwerera kuminda. Amayi, atsikana ndi ana ankatsala kumtundako milungu ingapo, akukama mkaka, akupanga batala ndi tchizi, akupota ubweya. Pachilumba cha Lewis mwambo umenewu unafika mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Amenewo ndiwo anatcha mayina ambiri a kumapiri. Mtsikana wotumidwa kukatunga madzi ankafunika kuuzidwa kasupe wake. Mnyamata wobwera ndi uthenga ankafunika kunena kuti ng'ombe yathyoka mwendo pati. Ukapita lero pamalo olembedwa àirigh, umapeza kabwalo ka miyala kofika m'maondo, kokwana anthu atatu kugona mothinana, ndipo pozungulira pake pali udzu wobiriwira kwambiri pakati pa tchire lofiirira. Ndi ndowe za ng'ombe za mibadwo yambiri zimene zinanonetsa nthakayo, ndipo sinaiwalebe.

Nyama zimene zinatha nazo zinasiya mayina. Madadh-allaidh ndi mmbulu, torc ndi nguluwe, ndipo onsewa amapezeka m'mayina a matanthwe ndi makwawa ngakhale kuti mmbulu unatha ku Scotland zaka pafupifupi 300 zapitazo. Pali mapiri opanda mtengo ndi umodzi womwe amene mayina awo amanena za nkhalango, ndipo ofuna kubzalanso mitengo masiku ano amawerenga mayinawa kuti adziwe chimene chinkamera pamalopo.

Anthuwo anapita kuti?

Anathamangitsidwa. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka cha m'ma 1850, eni malo anaona kuti nkhosa zikubweretsa ndalama zambiri kuposa lendi ya alimi, ndipo anayamba kusamutsa midzi yathunthu. M'Chigeliki nthawi imeneyo amaitcha Fuadach nan Gàidheal, kupirikitsidwa kwa Ageli, anthu olankhula Chigeliki, ndipo chaka cha 1792 amachikumbukira kuti Bliadhna nan Caorach, chaka cha nkhosa. Ku Strathnaver, m'boma la Sutherland, anthu anatulutsidwa m'nyumba mu 1814 ndi mu 1819, madenga n'kutenthedwa kuti asabwerere. Ena anawakankhira kumagombe a miyala, ena anakwera zombo kupita ku Canada, Australia ndi New Zealand. Lamulo loteteza alimi a timinda ta lendi linabwera mu 1886, zigwa zambiri zitasanduka kale mabwinja. Ku Ireland, njala yaikulu imene inayamba mu 1845 inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, enanso ochuluka chomwecho n'kusamuka, ndipo madera olankhula Chigeliki ndiwo anapululuka kwambiri.

N'chifukwa chake zimandipweteka anthu akamatcha mapiri amenewa kuti chipululu chimene munthu sanachikhudzepo. Malo amene dzina lake likuti munda wa mlatho, khola la ana a ng'ombe, chitsime cha wansembe, ndi bwinja, ndipo bwinja lili ndi eni ake.

Bwanji malembedwe a pamapu amasiyana ndi a Chigeliki chenicheni?

Chifukwa olemba mapu ankalembera boma lolankhula Chingerezi. Bungwe la Ordnance Survey linayeza Ireland yense kuyambira 1824 mpaka 1846. Dzikolo linali logawidwa kale m'timadera ting'onoting'ono pafupifupi 61,000, kalikonse ndi dzina lake. Katswiri wa chinenero John O'Donovan anayenda boma ndi boma m'zaka za m'ma 1830, kufunsa nkhalamba mmene zimatchulira mayina, kulemba tanthauzo lake m'timabuku, kenako n'kusankha malembedwe oti Mngerezi atha kuwerenga. Ntchito yake ili ndi mbali ziwiri: anapulumutsa matanthauzo ambiri m'timabukumo, koma chimene chinapita pamapu ndi chigoba cha mawu, chopanda tanthauzo m'chinenero chilichonse. Ku Scotland zinasiyana pang'ono. Midzi ndi matauni zinalembedwa Chingerezi, koma mapiri ndi makwawa ambiri anasiyidwa m'malembedwe a Chigeliki, ngakhale kuti zolakwika zinalowamo zambiri chifukwa oyeza malo ambiri sankachimva chinenerocho.

Kusokoneza kwake kumaonekera pa mayina oyamba ndi Kil. Kawirikawiri amachokera ku cill, tchalitchi, mawu obwerekedwa ku Chilatini, ndipo chotsatira chimakhala dzina la woyera mtima: Kilbride ndi tchalitchi cha Brigid, Kildare ndi Cill Dara, tchalitchi cha pamtengo wa oki. Koma coille, nkhalango, nayenso amasanduka Kil, monga mu Killiecrankie. Enanso amachokera ku caol, malo opanikizika, kapena cùil, ngodya. M'kamwa mwa eni ake mawu anayiwa samafanana n'komwe. Papepala la Chingerezi asanduka amodzi.

Nthawi zina khutu la mlendo linkangomva mawu a kwawo. Phoenix Park ya ku Dublin ilibe chochita ndi mbalame ya m'nthano yotchedwa phoenix. Ndi fionn uisce, madzi oyera, dzina la kasupe. Choncho osamasulira dzina pongoliyang'ana mmene lalembedwera lero. Akatswiri amayamba afufuza mmene linalembedwera m'zikalata zakale kwambiri, amamvera mmene anthu a pamalopo amalitchulira ndi pamene amatsindika, kenako amapita kukaona ngati malowo akufanana ndi tanthauzolo.

Kodi mayina onse a kumeneko ndi a Chigeliki?

Ayi. Kum'mawa kwa Scotland kunali anthu otchedwa Pict, ndipo anasiya mawu akuti pett, gawo la malo, amene ali m'mayina pafupifupi 300 oyamba ndi Pit. Chochititsa chidwi n'chakuti mbali yachiwiri ya mayinawa nthawi zambiri ndi ya Chigeliki: Pittenweem ndi gawo la kuphanga. Obwerawo anatengera mawu a eni nthaka oyezera malo n'kumawagwiritsa ntchito okha. Aber wa mu Aberdeen ndi mnzake wa inbhir, koma wochokera ku chinenero chakale chimenecho.

Kuzilumba za kumadzulo kunalamulira anthu a ku Norway, ma Viking aja, kuyambira cha m'ma 800 mpaka pangano la ku Perth la 1266. Pachilumba cha Lewis, pamene Chigeliki chili champhamvu lero kuposa kwina kulikonse, mayina ambiri a midzi ndi a chinenero cha anthu a ku Norwaywo, ongovekedwa katchulidwe ka Chigeliki. Ageli enieniwo ankatcha zilumbazi Innse Gall, zilumba za alendo.

Zinenero zikasanjikizana motere pamabadwa mayina obwereza. Pachilumba cha Mull pali mathithi otchedwa Eas Fors. Fors ndi mathithi m'chinenero cha ma Viking. Olankhula Chigeliki atabwera anangomva ngati dzina, n'kuikapo eas, mathithi m'chinenero chawo. Zoterezi ife si zachilendo: David Livingstone atafika kunyanja yathu mu 1859 anamva mawu akuti nyasa, amene amangotanthauza nyanja, n'kuwalemba ngati dzina lake.

Nanga Tarbert, bwanji alipo ambiri?

Tairbeart ndi kamtunda kopyapyala pakati pa madzi awiri, pomwe anthu ankakoka ngalawa pamtunda m'malo mozungulira ulendo wautali. Aliko ku Harris, ku Kintyre, ku Jura ndi kwina. Mbiri yakale ya ku Norway imasimba kuti mu 1098 mfumu Magnus Barefoot, atalonjezedwa malo onse amene angawazungulire ndi ngalawa, anakhala pachiwongolero anthu ake n'kumukoka kudutsa Tarbert ya ku Kintyre, kuti dera lonselo liwerengedwe ngati chilumba.

Kodi muli zachipembedzo chamakolo kapena nthano m'mayinawa?

Zilimo zambiri. Sìth kapena sìthean ndi chitunda chimene ankakhulupirira kuti mkati mwake mumakhala anthu a dziko lina, osaoneka ndi maso, ofunika kuwalemekeza. Phiri la Schiehallion ndi Sìdh Chailleann, chitunda cha mizimu cha Akaledoniya, mtundu wa anthu akale a ku Scotland. Mudzi wa Strontian ndi Sròn an t-Sìthein, mphuno ya chitunda cha mizimu. M'migodi ya mtovu ya pamudzipo anapezamo mwala wachilendo cha m'ma 1790, ndipo chitsulo chotuluka m'mwalawo anachitcha strontium. Mwana aliyense wophunzira sayansi kusekondale amatchula mawu a Chigeliki osadziwa.

Cailleach, nkhalamba yaikazi ya m'nthano imene amati inaumba mapiri ndipo imalamulira nyengo yozizira, ili ndi mapiri ake angapo otchedwa Beinn na Caillich. Kumtunda kwa Glen Lyon, m'kachigwa kotchedwa Gleann Cailliche, muli kanyumba ka miyala kofolera ndi zibuma za udzu, kosafika m'chiuno. M'kati mwake mumakhala miyala yosalala ndi madzi, yooneka ngati anthu: nkhalambayo, mwamuna wake ndi ana awo. Kumayambiriro kwa Meyi anthu amaitulutsa n'kuiika pakhomo kuti iyang'ane chigwa, ndipo kumapeto kwa Okutobala amaibwezera m'nyumba n'kutseka. Masiku amenewo ndi omwe ankatsegulira ndi kutsekera nyengo ya kubusa ku àirigh. Misasa inagwa kalekale, koma miyalayo amaitulutsabe.

Alipo amene akusunga mayinawa?

Ku Scotland kuli bungwe la Ainmean-Àite na h-Alba, limene limafufuza ndi kuvomereza malembedwe oyenera a pazikwangwani ndi pamapu, ndipo lamulo la 2005 linapatsa Chigeliki ulemu wovomerezeka ndi boma. Ku Ireland kuli nkhokwe ya pa intaneti ya logainm.ie. Pazikwangwani za zinenero ziwiri mumaonekera mbiri yonse: Fort William m'Chigeliki ndi An Gearasdan, kampu ya asilikali, basi, osatchula mfumu William. Fort Augustus ndi Cill Chuimein, tchalitchi cha Cuimein, dzina limene linalipo asilikali asanabwere. Mikangano siilephera. Mu 2005 boma la Ireland litachotsa dzina lakuti Dingle pazikwangwani n'kusiya An Daingean lokha, anthu a m'tauniyo, amene amadalira alendo odzacheza, anakana, ndipo mapeto ake mayina awiri anabwerera.

Koma amene ali pangozi kwenikweni si mayina a pazikwangwani. Ndi aja amene sanalembedwepo: dzina la kamunda kuseri kwa khola, la mwala umene asodzi ankaloza pofuna kupeza pamene pali nsomba, la pooloka pa kamtsinje. Amenewo amakhala m'mutu mwa munthu mmodzi kapena awiri. Mu 1937 ndi 1938 ana asukulu a ku Ireland anatumidwa kukafunsa agogo awo n'kulemba m'makope, ndipo kuyambira 1951 a School of Scottish Studies ku Edinburgh anayenda ndi makina ojambulira mawu m'midzi. Zambiri zimene tili nazo za timayina timeneti zinapulumuka m'njira imeneyo.

Kodi Blantyre wathu ndi dzina la Chigeliki?

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 n'kutchedwa dzina la kwawo kwa Livingstone, pafupi ndi Glasgow. Akatswiri ambiri amalitengera dzinalo ku chinenero chakale cha dera limenelo, chapachibale ndi cha ku Wales, osati ku Chigeliki. Koma achibale athu a ku Harare okhala ku Glen Norah ndi Glen View amatchula gleann tsiku ndi tsiku, ndipo ku Johannesburg kuli Dunkeld, amene kwawo ndi Dùn Chailleann, linga la Akaledoniya.

Chigeliki cha Livingstone chili kwina. Agogo ake aamuna anali mlimi wolankhula Chigeliki pakachilumba ka Ulva, pafupi ndi Mull, ndipo anachokako mu 1792 kukagwira ntchito kufakitale ya thonje ku Blantyre. Livingstone ankakumbukira agogo ake aakazi akuimba nyimbo za Chigeliki. M'zaka za m'ma 1830 pa Ulva panali anthu pafupifupi 600. Mwini malo watsopano anasamutsa ambiri a iwo m'zaka za m'ma 1840, ndipo pamene anthu a m'deralo anagula chilumbacho mu 2018, okhalapo sankakwana 10. Kugombe la kum'mwera, pa Ormaig ndi Cragaig, makoma a nyumba zopanda madenga akadali chiimire m'tchire, ndipo mayina a midzi iwiriyo akadali pamapu.